Wojambula wa pa Ukwati wa kwa Mwakibete

Mama Tumpale anawachenjeza. Pasadzapezeke wonama kuti sanauzidwe. Anawachenjeza akuwathirira ulanzi, mowa wa nsungwi uja, m'makapu, kuseri kwa msika wa Mwanjelwa, ntchentche zili mboni.

"Gwamaka mwanangu, ukafuna kuba, kabe nkhuku, kabe zovala pachingwe. Koma usakanyamule kamera pamaso pa anthu a ku Mbeya kuno. Chinthu chimenecho chimatizunguza mutu tonse, ndi anzakowa omwe."

Gwamaka anaseka mpaka kutsamwa. Anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anamasulapo wailesi ya abusa kuti aikonze, ndipo mpaka lero wailesiyo ili m'thumba, zidutswazidutswa. Kumanja kwake kunali Kibiriti, woonda ngati kamtengo ka machesi. Kumanzere kunali Gunia, amene mimba yake sinkabweza kanthu.

"Mayi, inu thirani mowa, nzeru tisiyireni ife," anatero Injiniya. "Tamverani, amwene. Mzee Mwakibete, wa mpunga wa ku Kyela uja, akukwatitsa mwana wake. Mphatso zake si zamasewera: firiji, makina osokera, mabulangete, nsalu mulu. Pakhomo padzakhala alonda, wopanda khadi salowa. Koma ndani amalowa ponseponse osafunsidwa?"

"Galu," anatero Gunia.

"Wojambula, chitsiru iwe!"

Anatulutsa m'jumbo kamera yakuda, yolemera ngati njerwa, yotola pa kaunjika. Mkati inafa kalekale. Chotsala chinali kung'anima kokha.

"Ndiye zithunzi zidzatuluka bwanji?" anafunsa Kibiriti.

"Iwe ukufuna zithunzi kapena firiji? Ine ndidzatulutsa anthu onse panja kuti tijambule cha gulu. Inu awiri mudzanyamule mphatso kudzera kukhomo lakumbuyo, muponye m'bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja. Basi. Mawa lake tili ku Tunduma, tikudya nyama yootcha."

Mama Tumpale anangopukusa mutu n'kukatsuka makapu. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere.

Tsono chotsala chinali kusankhidwa. Kwathu kuno wojambula sasankhidwa ndi mkwatibwi ayi, amasankhidwa ndi komiti ya ukwati, anthu odziwa kudya pa misonkhano. Mkwatibwi, Subilaga, analira kuti akufuna bambo wina wa m'tauni amene zithunzi zake anaziona ndi maso. Bamboyo anabweradi ku komiti, nayala ntchito zake patebulo, natchula mtengo. Apampando, a Mwaipopo, anagwira pamtima ngati alasidwa.

Pamenepo ndi pomwe analowa Injiniya, atavala chovala cha matumba ambirimbiri, thumba lililonse lotupa ndi nyuzipepala zakale.

"Tatiwonetseni zomwe munajambulapo," anatero a Mwaipopo.

"Bwana mkubwa, zithunzi zanga sizigona pakhomo panga. Eni ake amachita kulimbirana." Kenako anapendeketsa mutu n'kuyang'ana msungichuma, Mama Atupele, amene mphuno yake tonse timaidziwa. "Mayi, pepani, musasunthe. Nkhope ngati yanuyi ndinaiona komaliza ku Dar es Salaam." Ng'ani!

Mama Atupele anakonza duku. Injiniya anatchula theka la mtengo wa mnzake uja, a komiti onse manja m'mwamba kumusankha. Ana inu, chotchipa muzichiopa. Koma nanga ife timamva?

Tsiku la ukwati linafika. Kibiriti ndi Gunia analowa ngati onyamula zida za wojambula, atavala masuti obwereka, koyamba chibadwire. Gunia ankangodziyang'ana m'magalasi a mawindo.

"Injiniya, ndikuoneka bwanji?"

"Ngati thumba la makala lomangidwa tayi. Khala tcheru!"

Injiniya anagwira ntchito mpaka thukuta kamukamu. Azakhali ankamukoka malaya uku ndi uku. "Ndijambule ndi keke!" "Ine undijambule ndikuseka, koma mano asaoneke!" Iye ankagwada, kugona chafufumimba, kukwera pampando, ng'ani! ng'ani! kujambula mphepo.

Mphatso zinabwera ndi magule, gulu ndi gulu, mpaka mulu unafika pawindo. Injiniya anapempha maikolofoni kwa wotsogolera mwambo.

"Abale ndi alongo, dzuwa likupita! Aliyense panja pa masitepe, chithunzi cha tonse! Wotsala asadzandidandaule!"

Mayo ine, anthu ife! Holo inakhuthuka ngati mwalowa njoka. Ophika anasiya pilau pamoto. Alonda anasiya zitseko pululu. Agogo ake a mkwati, amene sayenda, ananyamulidwa ndi mpando womwe, akukalipa kuti afulumire. Nzeru ya Injiniya inagwira, ndipo mtima wake unkavina.

Tsono anayamba kukoka nthawi kuti anzake amalize. "Aatali kumbuyo! Mayi a duku lofiira, sunthirani kumanzere. Ayi, mwapitirira, bwererani. Bwana Mwaipopo, lowetsani mimba pang'ono." Anthu ankamvera ngati ana a sukulu. M'mutu mwake ankaona firiji ikukwera m'bajaji.

Anaika diso pa kamera. Anachotsa. Anapukuta diso n'kuikanso.

Kutsogolo kwenikweni, pamapazi a mkwatibwi, panali Kibiriti, bondo limodzi pansi, dzanja pachibwano. Kumbuyo kwa mayi a mkwatibwi kunali Gunia, mano onse pamtunda, makina osokera ali paphewa, riboni ikulendewera. Pambali pake woyendetsa bajaji ankapesa tsitsi.

Injiniya anathamangira kwa Kibiriti n'kuwerama ngati akumukonza kolala.

"Mukutani kuno, agalu inu?"

"Kamodzi kokha, aise. Sutiyi tibweza mawa."

"Kamera ndi yakufa, ukudziwa iwe!"

"Ndikudziwa, koma ungoyesa. Mwina lero igwira."

"Bwererani mukamalize kunyamula mphatso anthuwa asanalowe! Firiji mwakweza?"

Ana inu, mukagwira chinthu cha eni m'manja, muzikumbukira kuti mwagwira. Maikolofoni inali pakamwa pake penipeni. Mawu aja anatuluka m'zokuzira mawu zonse, anamveka mpaka kumsewu wa ku Uyole.

Anthu onse anatembenukira kwa Injiniya. Gunia yekha ndiye anayankha, mokweza, osasiya kumwetulira: "Firiji yakana kutuluka pakhomo, Injiniya! Jambula kaye, phewa likuwawa!"

Mzee Mwakibete anatsegula pakamwa kuti afunse za mphatso, koma Mama Atupele anamukankhira pambali. Anatsika masitepe pang'onopang'ono.

"Mwanangu, za firiji tikamba bwino. Wati kamera yatani?"

"Mayi, ndiye kuti... imangofuna kupuma..."

"Chithunzi changa cha ku Dar es Salaam chija?"

"Ndi cha ine ndi keke?" anakuwa azakhali ena.

"Ine mwandinyamuliranji?" analira agogo a pampando.

Nsapato zinayamba kuvulidwa. Kunena zoona, za kuba tikanakhululuka, poti katundu sanapite patali. Koma kumwetulitsa anthu tsiku lonse pachabe, masaya mpaka kuwawa, umenewo ndiye mlandu. Subilaga, amene analirira wojambula weniweni uja, anaponya nsapato yoyamba, ndipo sanaphonye. Apolisi atafika, Injiniya anawathamangira yekha n'kudzikweza m'galimoto.

Kupolisi anawaimika onse atatu pakhoma mmodzimmodzi, pamaso pa kamera yamoyo. Injiniya anaima diso lili chitupire, mlomo ngati chitumbuwa. Kibiriti anakonza tayi. Gunia ananyowetsa chala n'kusalaza nsidze.

"Afande," anatero mwaulemu kwa wapolisi, "chikatuluka mundisungireko chimodzi. Ndikufuna nditumize kumudzi."

Pa ukwati wonse wa mwana wa Mwakibete, zithunzi zomwe zinatuluka ndi zitatu zimenezo.