Magolovesi oyera pa mphambano ya Chintheche

Anzanga, ine ndinadziphunzitsa ndekha kuwerenga, ndipo sindikonda kulangizidwa. Nditabwerako ku Halale, kumene malemu amuna anga ankagwira ntchito, ndinapeza kuti pa mphambano ya Chintheche pavuta. Njinga za obwera ku Joni, amayi osenza chinangwa, asodzi ndi madengu a usipa, ndiponso lole ya Lachisanu, zonse zinkapanikizana pamalo amodzi, mpaka njinga ina inagunda mlamu wanga NyaBanda ndi kumuthyola chala.

Ku Halale ndinaona wapolisi amene akakweza dzanja, msewu wonse unkaima. Kodi dzanja lake lingapose langa? Lachisanu m'mawa ndinavala magolovesi oyera a ku tchalitchi, ndi kukaima pakati pa mphambano.

Ndinakwezera dzanja wanjinga woyamba. Anaimadi, koma anatsika, navula chipewa, nadza kudzandilonjera. Anafunsa za mwendo wanga, za ana, za maliro a ku Tukombo. Ndikanamudula mawu bwanji, ine mwana wa mkulu wa mpingo? Ndinayankha zonse, ndi kufunsanso za kwawo. Amayi a chinangwa ataona kuti ndikulandira moni, anatula akatundu awo nagwada pamsewu pomwepo. Ndikawakupizira dzanja kuti adutse, iwo ankasendera pafupi. Msewu unatsekeka kuposa masiku onse.

Kenaka lole inatulukira. Ndinaikwezera manja onse awiri, ndipo inaima. Woyendetsa wake, bambo wa ku Dedza, anasuzumira pawindo.

"Mayi, mwatiimitsa. Ulendo wa kuti?"

Khamu lonse linandiyang'ana. Ndikanati ndine wapolisi? Ndinawongola khosi.

"Wa ku Kande."

Ku Kande ndinalibeko ngakhale nkhuku yoti ndikaione. Anthu anandikweza mwaulemu pamwamba pa matumba a usipa, ena nanditumiza moni kwa abale awo. Lole itanyamuka ndinacheuka: mphambano inali mbee, aliyense akudutsa bwinobwino.

Ndinabwerera wapansi, magolovesi akununkha nsomba. NyaBanda anandichingamira pakhomo, chala chili chomanga.

"Mlamu, mwagwira ntchito. Mutangochoka, msewu unatseguka. Lachisanu likudzali mudzakwerenso."

Ndinangolowa m'nyumba kukachapa magolovesi. Kuyambira tsiku limenelo magolovesi aja amatuluka Lamulungu lokha, ndipo pamsewu dzanja langa silipitirira phewa, ngakhale ntchentche inditere pamphuno.