Mpata Umene Unameza Mkazi Wanga

Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo, malo achepa kale. Inu mwayamba dzulo kugwira kompyuta. Ine masiku amene intaneti tinkakaipeza m'makefe a m'tauni, ku Nsungwi konse ndinali ndekha wokhala ndi masikirini awiri pa kompyuta imodzi, ndipo ndikawayatsa m'kashopu kanga kotsukira zithunzi nkhuku za ku Area 18 zinkalira poyesa kwachanso, minibasi n'kumaima makondakitala osaitana. Mukumva?

Tsono ndinafuna chithunzi chimodzi choyala kumbuyo kwa masikirini onsewo, chiyambire kumanzere chikathere kumanja. Ndinasankha cha pa ukwati wathu: apongozi anga kumanzere, ine kumanja, mkazi wanga Nachisale pakati. Koma pakati pa masikirini pamakhala mpata wa mapulasitiki a m'mphepete aja, ndiye ukayala chithunzi osachikonza, denga la m'chithunzimo limaoneka lothyoka. Katswiri amadula kachigawo ka pakati kuti mizere ikumane. Ine, katswiri wa akatswiri, ndinadula, n'kusunga chodulidwacho m'malo mwa choyambacho, n'kuyala.

Denga linawongoka bwinobwino. Koma kachigawo kaja kanali Nachisale.

Atabwera ndi mbatata yanga ya masana anaima pakhomo n'kuyang'ana. Pasikirini panali ine ndi mayi ake, phewa ndi phewa, ngati ndife tinakwatirana, ine amene ndikakumana nawo panjira ndimapatukira m'chimanga. Sanakweze mawu ayi.

"Bambo a m'nyumba, ngati mwandichotsa, nenani. Basi ya ku Dedza ndikuidziwa."

Anapita kukamanga katundu. Apa ndisaname, mantha anandigwira, chifukwa mkazi ameneyu ndi amene anandipirira ndilibe ngakhale mpando.

Ndiye ndinavula nsapato, ndinapinda malaya, n'kulowetsa dzanja mumpata muja mpaka m'phewa, kenako mutu, kenako thupi lonse, ndipo m'katimo ndinapeza msewu wafumbi wodzaza ndi zonse zimene ndinadulapo chiyambire ntchito, makutu a anthu, michira ya mbuzi, zipsera za akwati, theka la mpingo wa ku Kawale likuimbabe kwaya, ndipo ndinayenda masiku atatu, ngakhale kunjaku mbatata inali isanazizire, mpaka ndinamupeza Nachisale wa m'chithunzi uja atakhala pamwala, velo lili kumutu, ataonda ngati ndodo ya tsache chifukwa chopanikizika. Ndinamubereka kumsana, michira yopanda mbuzi ija ikundithamangitsa, ndipo potuluka ndinakoka chithunzicho ndi mano mpaka chinatambasuka kudutsa pawindo, mbali ina n'kukafika ku Area 24, amayi a kumeneko n'kuyanikapo zovala. Mukuseka chiyani? Dzino ili linaguluka tsiku lomwelo.

Nachisale anamasula katundu. Mtima wanga unakhala pansi moti ndinadya mbatata ija ndi makoko omwe.

Chabwino, poti ena mwa inu mumapemphera naye, ndinene izinso. Iye amati sizinayende choncho. Amati ndinamutsatira mpaka pa siteji ndikupepesa, thukuta lili kamukamu, ndipo iye anatulutsa m'chikwama chithunzi chenicheni chapepala chimene ankapita nacho kwawo. Tinabwerera, ndinachilowetsanso mu kompyuta, iye n'kukhala pampando wanga, munthu woti mausi anali asanaigwirepo, n'kundiuza kuti ndimuonetse podulira. Anasuntha chithunzicho pang'onopang'ono mpaka mayi ake anakhala bwino kumanzere, iye yekha kumanja, velo lonse likuoneka.

"Dulani apa," anatero.

Ndinadula, abale anga, mosangalala. Zaka zonse zimene kashopu kaja kanakhalapo, makasitomala ankandifunsa kuti khutu lili m'mphepete mwa sikirinilo ndi la ndani. Linali langa, ndipo mwini chithunzi anati limenelo likukwanira.