Makope Khumi ndi Awiri a Amuna Anga

LOLEMBA

Ndatsegula bokosi la malemu amuna anga, a Zuze. Miyezi inayi ndakhala ndikungolipukuta fumbi. Kiyi ndamupeza m'thumba la jekete lawo la kutchalitchi.

M'katimo muli makope khumi ndi awiri achikuto cholimba, omangidwa ndi mphira wa tchubu cha njinga. Kope lililonse zaka zitatu. Onse ndi a pensulo, timalemba tating'ono ngati nyerere zili pamzere. Ndinkadziwa kuti amalemba. Ndinkayesa ndi za mvula ndi mbatata basi.

Vuto ndi ili. Lamulungu alamu anga a Mateyu akubwera kuchokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kudzandisudzula, ndiko kuti kudzanena pamaso pa abale kuti ukwati watha bwino, palibe mlandu. Adzatenga bokosili. A Zuze adanena okha ali chigonere: "Zovala mugawane. Makope apite kwathu. Ndidachokako ndi malaya amodzi, kusakhale kopanda kanthu kanga." Ndidavomera. Ndidali nditawagwira dzanja, ndikadayankha chiyani?

Masiku asanu ndi limodzi. Makope awiri pa tsiku. Masamu ake ndi osavuta, ndaphunzitsa Sitandade 4 zaka makumi atatu.

Mwana wanga Tadala wanditumizira pa foni kuchokera ku Blantyre malamulo a kuwerenga mofulumira. Ndawakopera pa katoni, ndapachika pakhoma:

1. Chala chiyende pansi pa mzere, maso azichitsatira.
2. Osabwerera m'mbuyo.
3. Milomo isagwedezeke. Mawu asamveke m'mutu.
4. Ndime ikatalika, werenga chiganizo choyamba chokha.
5. Ukamaliza tsamba, tseka, udzifunse mafunso atatu.

Lamulo lomalizalo ndalikonda. Liwiro lopanda kumvetsa n'kungotembenuza mapepala, ndinkawauza ana tsiku ndi tsiku.

Mayeso oyamba, ndi wotchi ya pakhoma: tsamba limodzi, mphindi imodzi! Mafunso. Adalemba ali kuti? Ku Luwani, kukampu ya othawa nkhondo. Ndakhoza. Adalandira chiyani tsikulo? Sindikudziwa. Ndani adabereka mapasa? Ndayankha kuti mbuzi. Ndatsegula kuti ndione: ndi akazi a abusa.

Chimodzi pa zitatu. Ndadzilembera ndi cholembera chofiira: Limbikira.

Lero theka la kope loyamba. Mawa atatu ndi theka.

LACHIWIRI

Lamulo la lero: osabwerera m'mbuyo. Cholinga chake n'chomveka. Diso lili ngati nkhuku, limakonda kubwerera pomwe latola kale. Ukamaphimba ndi khadi mzere womwe wadutsa, limazolowera kupita kutsogolo. Ndadula khadi pa katoni ya sopo.

Zikuyenda bwino mpaka 10 koloko. Mizere yolandirira ufa. Nyemba zofumbwa. Ayamba kuphunzira ukalipentala kwa mkulu wina wa chala chimodzi chodukira. Chifuwa. Mvula. Mvula ina.

Kenako ndime iyi:

"Lero ndakakonza mabenchi kusukulu. Kuli mphunzitsi wamkazi watsopano wochokera ku Ligowe. Wavala nsapato zazikulu kuposa mapazi ake, akamayenda zimalira pha pha pha. Wandikalipira kuti hamala ikusokoneza ana. Mawa ndipitanso. Benchi limodzi ndalisiya dala."

Zidali nsapato za achemwali anga! Ndinkaikamo thonje kutsogolo, ndinkayesa palibe akudziwa. Zaka zonsezi munthu kudya nane mbale imodzi osanenapo.

Ndawerenga ndimeyi kasanu ndi kanayi. Khadi lili pansi pa tebulo. Benchi lija ndikulikumbuka. Adalikonza milungu itatu, ine n'kumakadandaula kwa ahedi kuti kalipentala watsopanoyu ndi waulesi.

Mafunso atatu: ndakhoza onse. Liwiro: tsamba limodzi, maola awiri.

Kope loyamba latha dzuwa likulowa. Loyamba lokha.

LACHITATU

Lamulo lachitatu. Milomo yanga imayenda ndikamawerenga, n'chizolowezi cha aphunzitsi a makalasi aang'ono. Mankhwala ake, akuti, n'kuluma pensulo.

Ndakhala pakhonde, pensulo m'kamwa chopingasa ngati galu wanyamula fupa, chala pamzere. Akutulukira Anangozo, anansi anga, ndi amayi atatu a kumpingo, kudzaona namfedwa. Aima. Anangozo akunong'oneza anzawo, koma kunong'ona kwa Anangozo kumamveka mpaka kumjigo: "Ndimanena ine, kukhala wekha kumayamba chonchi."

Ndawafotokozera bwinobwino za milomo ndi liwiro la diso, ndawaonetsa ndi katoni yomwe. Agwedeza mitu mwaulemu. Kenako andipempherera nthawi yaitali, mmodzimmodzi.

Odzapepesa sathamangitsidwa. Mphasa, madzi osamba m'manja, mbatata yophika, nkhani za feteleza, nyimbo ziwiri, ina ya ndime zisanu ndi imodzi. Achoka 3 koloko.

Milomo ndaigonjetsa. Koma lamuloli lili ndi mbali yachiwiri, yoti mawu asamveke m'mutu. Apa ndiye pavuta. Mawu omwe ndimamva ndikamawerenga makopewa si anga. Ndi awo, ndi kukoka kwawo kuja kwa kutsidya, ndi katsokomole kaja komwe kankabwera asananene chinthu chomwe akudziwa kuti chindikwiyitsa. Miyezi inayi nyumba ino ili zii. Ndiye ndiwatontholetse kuti ndipindule masekondi makumi awiri pa tsamba?

Ndalavula pensulo. Ili ndi zipsera za mano anga. Idali yawo.

Masamba khumi ndi asanu ndi limodzi.

LACHINAYI

Atsala makope khumi ndi limodzi, kuchotsapo timasamba ta dzulo tija. Masiku atatu. Masamu ayamba kundichitira mwano. Lero lamulo lachinayi: chiganizo choyamba chokha, kulumpha ngati chule.

Likugwira ntchito! Masamba makumi asanu tiyi asanazizire. Takwatirana, tsamba limodzi lokha, ndipo zikuoneka kuti theka lake ndi la mkulu wa kwaya amene adayambitsa nyimbo ya maliro molakwitsa. Tasamukira kuno ku Ligowe, kwathu, monga mwa mwambo. Amayi anga awapatsa munda wamiyala kuti aone ngati mkamwini ndi wolimba.

Kenako ndime zitatu zotsatizana, ziganizo zake zoyamba:

"Nkhondo yatha, mabasi ayamba kubweza anthu kwawo."

"Ndakalembetsa dzina langa, iye sakudziwa."

"Ndakwera basi."

Ndatseka kope. Ndatenga khasu. Mizere isanu ndi umodzi ndagalauza dzuwa lili paliwombo, ndikukangana ndi munthu woti sangandiyankhe. Nthawi imeneyo ndidali ndi pathupi pa Tadala! Ndawauza zonse, za malaya omwe ndidawasokera, za abale anga omwe ndidakangana nawo chifukwa cha iwo, za munda wamiyala womwe ndinkawathandiza mwamseri. Anangozo asuzumira pampanda, abwerera mwakachetechete.

Madzulo ndasamba, ndatsegulanso, ndawerenga ndime yachitatuyo yonse, pang'onopang'ono.

"Ndakwera basi. Ndakhala pawindo, thumba pamiyendo. Ndimaganiza za amayi, ngati ali moyo. Dalaivala waliza injini. Ndakumbukira kuti chitseko cha kunyumba chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka, ndipo iye ndi mimba ija sangathe. Ndatsika. Kunyumba ndamuuza kuti ndidapita kukagula misomali."

Tsikulo ndikulikumbuka. Adabwera ali fumbi mpaka m'nsidze, opanda msomali ngakhale umodzi. Ndidawazazira. Amayi awo adamwalira chaka chotsatira asanaonane.

Phunziro, kwa aliyense wolifuna: chiganizo choyamba chimakuuza kuti munthu wakwera basi. Sichikuuza ngati adatsika.

LACHISANU

Ndaimbira alamu a Mateyu kupempha mwezi umodzi. Andimvetsera mpaka ndamaliza, ndi munthu waulemu. Akuti mvula ikangoyamba mtsinje wa kwawo suwolokeka mpaka pokolola. Akuti alongo awo aakulu, a Rozina, amene adalera a Zuze, maso adafa kale ndipo tsopano sakudzukanso pamphasa. Tsiku lililonse amafunsa ngati zolemba za Zuze zafika. Mdzukulu wawo wina wawalonjeza kuti aziwawerengera. Ndati zikomo, tionana Lamulungu.

Nzeru ya Tadala: "Amayi, ingojambulani masamba onse pa foni, muziwerenga nthawi yanu."

Ndajambula makumi anayi. Zotsatira:

- pensulo ya zaka makumi atatu siioneka pa chithunzi, tsamba likungotuwa ngati phulusa;
- chala changa chachikulu chatuluka bwino kwambiri, kakhumi ndi kawiri;
- foni ikuti yadzaza.

Kuti malo apezeke ndiyenera kufufuta kanema wa paukwati wa Tadala, momwe a Zuze akuvina atakweza chipewa m'mwamba, mphindi zinayi. Ayi.

Masana ndatenga kope lachisanu ndi chiwiri, ndalibisa pansi pa matiresi. Ndani angadziwe kuti adalipo angati? Ndasesa. Ndatsuka mbale zomwe zidali zotsuka kale. Ndalitulutsa, ndalibwezera m'bokosi. Adalemba nambala pachikuto chilichonse ndi penti wa zitseko, munthu wadongosolo uja, ngati ankadziwa yemwe adakwatira.

Kope lachiwiri latha.

LOWERUKA

Ntchito za alendo: thobwa, nkhuku, kuzira pakhonde, kubwereka mipando kwa Anangozo, amene andifunsa katatu ngati ndagona bwino.

Katoni ya malamulo ndaichotsa pakhoma. Ndakolezera moto wa thobwa. Imayaka bwino.

Ganizo lomaliza la mphunzitsi: wophunzira nthawi ikamuthera, amasuzumira mathero a buku. Ndatsegula kope lakhumi ndi chiwiri chakumapeto. Timalemba tija takula, tikupendekeka, tikugwa pamzere. Ndaona dzina la mankhwala, ndi dzina langa kawiri. Ndatseka. Miyezi imeneyo ndidalipo ndekha, sindifunika kuchita kuiwerenga.

Ndatenga lachitatu. Ndakhala pansi pa mango, wotchi ili m'nyumba. Ndikuwerenga mokweza, milomo yonse, monga ndinkawerengera ana masana akakhala kuti achita bwino. Ndikubwerera pomwe ndafuna. Tadala wabadwa. Akuti watenga makutu a kwawo, adzamupepesa akadzakula. Nankafumbwe walowa m'nkhokwe. Ndapsa mtima chifukwa asunga matabwa kuchipinda: "Wakwiya mpaka nkhuku zathawa pabwalo, koma wandisungira ndiwo."

Masamba khumi ndi anayi. Sindidadzifunse funso lililonse.

LAMULUNGU

Afika titangoweruka kutchalitchi, alamu ndi msuweni wawo, panjinga yamoto imodzi. Abale anga akhala mbali iyi, iwo mbali iyo. Mawu ake ndi achidule: ndidamsamala bwino m'bale wawo, alibe nane chifukwa, ndine mfulu. Anthu aomba m'manja. Mfulu wopita kuti pa msinkhu wangawu, palibe wanena.

Zovala zagawidwa. Jekete lapita kwa msuweni. Manja ake amutalikira, wachita kupinda.

Pomanga bokosi panjinga, alamu andifunsa motsitsa mawu: "Mwawerenga onse, alamu?"

"Awiri ndi pang'ono."

"Aphunzitsi athunthu inu?"

"Achimwene anu salola kuthamangitsidwa."

Aseka, kenako apukuta m'maso ndi chipewa. Akuti ndidzapite m'chilimwe, ndikawerenge otsalawo komweko. Ndati ndidzapita. Tonse awiri tayang'ana mawondo anga okalambawa.

Kope lachitatu ndaliika pamwamba. Ndapinda kangodya ka tsamba pomwe ndalekezera, ine amene ndinkaimiritsa ana kutsogolo kwa kalasi chifukwa chopinda masamba. Njinga yatsika chitunda, bokosi likugwedera kumbuyo, mpaka kwatsala fumbi lokha.

Makope asanu ndi anayi sindidawawerenge. Sindidzadziwa zomwe adalemba tsiku lomwe Tadala adakhoza mayeso, kapena chaka cha njala chija, kapena tsiku lomwe ndidawaponyera chipande. Chabwino.

Pomwe ndalekezera, a Zuze ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Msana sukuwapweteka. Mwana wagona, mvula yagwa yokwanira, ndipo mzere womaliza ukuti mawa alawirira ku Lisungwi kukagula mbuzi yathu yoyamba, ngati mayi wa mwana sasintha maganizo.

Sindisintha. Apite bwino, akasankhe yaikazi.