Mbava ya maimelo a abwana

Mpaka lero ndikamadutsa pa ofesi ina yake pa Boma la Kasungu, ndimayang'ana kumbali ngati ndaona chosangalatsa tsidya la msewu. Lekani ndikuuzeni chifukwa chake.

Inali nyengo ya makuponi a feteleza, ine ndili kalaliki pa kabungwe kena ka alimi a fodya. Pa ofesipo ndinkadziwika kuti ndine katswiri wa kompyuta (ukatswiri wake unali wa kosi ya masabata ochepa, ndipo masiku ambiri magetsi kunalibe).

Tsiku lina abwana anandiitana. "Achimwene, imelo yanga ikuti yadzaza. Taonani."

Ndinakhala pampando wawo mwamatama. Pa kompyuta ya pa tebulo lawo panatuluka kabokosi ka Chingerezi, kofunsa ngati makalata akale azisamutsidwa okha. Sindinawerenge mpaka kumapeto. Ndinavomera, ndipo pofuna kuonetsa changu, pomwe panalembedwa kuti azisamutsidwa akatha miyezi ingapo ndinaikapo tsiku limodzi.

"Zatheka, bwana."

Patapita masiku angapo abwana anapita ku Mtunthama ndi laputopu yawo, kuti akawerengere alimi uthenga wa kulikulu wonena za kubwera kwa feteleza. Anthu anali atasiya kuthirira nazale zawo n'kuyenda mitunda. Abwana kutsegula imelo, mulibe kanthu. Anabwerako nkhope itagwa.

Apa ndikanangoti sindikudziwa. Koma pakamwa panga sipanandifunse.

"Bwana, awa ndi akuba a pa intaneti. Amakhala maiko akunja. Mwinanso akufuna makuponi athu."

Mayi Nankhoma, msungichuma wathu yemwenso anali wa Mvano, anasanjika manja pa kompyuta ija n'kupemphera mpaka thukuta. Abwana anaitana mnzawo wapolisi. Wapolisiyo anandifunsa mmene akubawo amalowera, ndipo ine ndinafotokoza bwinobwino, manja ali m'mwamba (ndinatchulaponso setilaiti, Mulungu andikhululukire).

Kenaka abwana anaimbira mkulu wokonza makompyuta ku Lilongwe, n'kukweza mawu a foni kuti wapolisi amve yekha.

"Palibe chabedwa," anatero mkuluyo atafunsa mafunso angapo. "Wina wauza kompyuta ya pa tebuloyo kuti izichotsa makalata pa seva, pomwe amasungidwa pa intaneti, n'kumawasunga mwa iyo. N'chifukwa chake pa laputopu simukuwaona. Yang'anani kumanzere, m'munsi."

Tinayang'ana. Makalata onse anali pomwepo, ndi uthenga wa feteleza womwe.

"Koma amene waika tsiku limodzilo ndani?" mkulu uja anapitiriza. "Ameneyo musamusiyenso yekha ndi kompyuta."

Ine ndinayamba kuona nsapato zanga ngati zachilendo.

Wapolisi anavala chipewa chake. "Ndiye ndimutenge, kapena muthana naye nokha?"

Mayi Nankhoma anandigwira paphewa mwachifundo. "Musadandaule mwana wanga. Tinapempha kuti wakubayo aonekere poyera, ndipo Ambuye sanachedwe."

Ntchito sinathe, koma abwana anandikweza kabaza kuti ndikauze alimi ndekha tsiku la feteleza, ndi kupepesa. Nkhani inali itafika kale. Bambo wina wachikulire anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Zikomo. Nanga a kunja aja, mwawagwira?"

Masiku ano kabokosi kakatuluka pa kompyuta, ndimakawerenga modekha, mzere ndi mzere. Ndikaona kuti sindikumva, ndimayamba ndayang'ana ngati pali wondiona, kenaka ndimavomera.