Uvuni wa Mapesi

Masiku ano amayi a mumphakati mwathu akandiona amayamba kununkhiza m'mwamba ngati pena pake pakupsa kanthu. Ine ndimangopereka moni n'kudutsa, chifukwa ndinaziputa ndekha.

Kale ndinkawotcha makala, n'kumakankha matumba panjinga kuchokera kuno ku Mikolongwe mpaka ku Limbe. Anandisiyitsa ndi malemu akazi anga. Ankati munthu wopemphera sangamete mpala phiri la Mulungu. Ndinamvera. Tinabzala mibawa kuseri kwa nyumba, ndipo lero kankhalango kameneko ndi kokhako katsala m'dera lathu.

Chaka chatha kunabwera mayi wina wa boma kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anafotokoza kuti maiko akuleka malasha ndi mafuta oipitsa mpweya, ndipo maboma akuthandiza madera amene ankadyera pamenepo. Kwathu kuno, anatero, boma lipereka ming'oma ya njuchi kwa owotcha makala kuti asiye.

Ndinaimika dzanja. "Nanga ife amene tinasiya kalekale, mayi?"

"Munachita bwino, bambo. Koma thandizoli ndi la amene tidzawapeze akuwotchabe."

Ine si munthu wofulumira kuweruza, koma tsiku limenelo korona inagona m'thumba osagwidwa ngakhale mkanda umodzi. Tangoganizani! Alamu anga a Likhutcha, amene atha mitengo ya m'phiri mpaka kuzula zitsa, ndiwo oyenera mphatso. Ine womvera, yanga ntchito n'kuwaombera m'manja.

A Likhutcha omwewo ndi amene anandipatsa nzeru.

"Alamu, vuto lanu n'kupemphera kwambiri. Boma limaona utsi, silifunsa kalata ya ubatizo. Mangani uvuni basi."

Kudula mtengo wa akazi anga sindikanatha. Choncho ndinaunjika mapesi, zitsononkho ndi masamba aawisi, n'kufotsera dothi bwinobwino monga ndinkachitira kale (dzanja silinaiwale, ndipo zimenezo zinandichititsa manyazi pang'ono). M'mawa wa tsiku loti a boma adzatiyendere ndinayatsa moto, alamu akuthandiza kukupiza. Kenako ndinalowa m'nyumba kukadzipaka mwaye m'mikono ndi pachipumi.

Utsi unayamba kukoka amayi a mumphakati amene ankachokera ku Misa. Anaima m'njira, manja pakamwa.

"Mayi aja angogona dzana, abambowa abwerera kale ku Iguputo," anatero mmodzi, mokweza dala kuti ndimve.

Ndinachita ngati sindinamve.

Mayi wa boma uja anafika ndi buku lake, n'kuzungulira uvuniwo kawiri.

"Mwaikamo mtengo wanji, bambo?"

"Zosakaniza, mayi." (Apa pokha sindinaname.)

"Koma makala anuwa akununkhira bwanji! Ine chiyambire ntchitoyi sindinamvepo makala opatsa njala."

Fungolo ndinali nditalimva nanenso, koma ndinkapemphera chamumtima kuti likhale lochokera kwa anansi. Mayiyo anapempha khasu, n'kukumba m'mbali mwa uvuni. Munatuluka phulusa la mapesi, kenako mbatata zinayamba kugubuduzika, zopsa bwino, mpaka pamapazi pake.

Ndinatembenukira kwa a Likhutcha.

"Nanga moto wonsewu upite pachabe, alamu?" anatero, osachita n'manyazi omwe.

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana. Mayi wa boma anasenda mbatata imodzi, n'kudya modekha akuyang'ana mibawa yanga.

"Mitengo yanu ndi yokongola, bambo. Koma dzina lanu sindilemba. Inu simuwotcha makala."

Anapita, atakulunga mbatata zina ziwiri m'pepala. Nditakalapa Loweruka, bambo mfumu anandifunsa kawiri ngati ndati mbatata.

Ming'oma inabweradi, ndipo a Likhutcha analandira. Koma njuchi zimafuna mitengo, pamene kwawo kulibe ngakhale mthunzi womangirira mbuzi. Anafika pakhomo panga chipewa chili m'manja. Ndinafuna kukana, Mulungu ndi mboni, koma akazi anga akanavomera. Lero ming'oma yawo ikulendewera m'mibawa yanga. Uchi amakagulitsa ku Namadzi. Gawo langa ndi mbola, ndipo njuchizo sizilumpha sabata osandilipira.

Bambo mfumu amati bodza silipindula, ndipo ndikuvomera ndi mtima wonse. Komabe ndikamapapasa khosi lotupali, ndimaganiza kuti uvuni uja ndinaumanga bwino. Cholakwa changa chinali kusiya alamu okha pamoto.