Tsiku Limene Ndinalalikira Mabenchi

Mpaka lero ndikamva fungo la waya wopsa, ndimaweramitsa mutu ngati munthu woitanidwa ndi akulu a mpingo.

Ndinali mphunzitsi wongofika kumene ku Chama pamene akulu anandipatsa mwayi wolalikira koyamba pa msonkhano wa Pasaka. Mpingo unali ndi amplifaya yakale ya mavalavu, aja agalasi ofiira ngati makala, ndi sipika yaikulu yomangirira pamtengo wa mango kuti okhala panja azimva. Vuto lake, sipikayo inkayang'ana kumsika. Ukangotsokomola pa maiki, ogulitsa mpunga onse ankadziwa.

Loweruka masana, magetsi atabwera, ndinalowa ndekha m'tchalitchi kuti ndiyeserere. Ndinazula waya wa sipika (ndinadziuza kuti n'kudzichepetsa, koma zoona zake ndinkaopa kuti ana anga a sukulu andimva ndikuchita chibwibwi). Kaamplifaya kanga ka matransista ndinkakayatsa popanda sipika osawonongeka, ndiye sindinaope kanthu. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto n'kuyamba kulalikira mabenchi.

Abale, ndinalalikira ndi mtima wonse. Ndili mkati moitana mabenchi kuti alape, ndinamva kafungo. Ndinapitiriza. Kenaka utsi unakwera kuchokera m'bokosi la amplifaya ngati wa nsembe yopsereza, koma sindinaone chizindikiro choti yalandiridwa.

Ndinathamangira kwa a Nyirenda, ogwira ntchito kuchipatala amene ankakonzanso mawailesi. Atabwera n'kununkhiza bokosilo anati thiransifoma ya m'kati mwake yapsa, ndipo ina ingapezeke ku Lusaka, mwina mvula ikatha.

"Aphunzitsi, ya mavalavu ili ngati mayi woyamwitsa," anatero. "Manje inu mwamulanda mwana, n'kumamuwonjezera mkaka. Mumati upita kuti?"

Mawa lake anthu anadzaza mpaka panja. Mkulu wa mpingo analengeza modekha kuti sipika siilankhula lero, ndipo amene akufuna chifukwa afunse mlaliki. Ndinakuwa mmene ndikanathera, koma ulaliki usanafike pakati mawu anasasa.

Amayi ena okalamba, amene anayenda pansi kuchokera ku Chikwa kudzamva Mawu a Mulungu, anakhala patsinde pa mango penipeni, akuyang'ana sipika ija. Titatuluka anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, manja ako timawaona pawindo. Kaya umati chiyani, koma umaoneka wotsimikiza."

Ambuye ndinawapempha chikhululukiro, ndipo ndikhulupirira anandipatsa. Koma ulaliki uja anaumva wonse ndi mabenchi okha, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linalapa.