Mpikisano wa Galimoto ndi Mbewu ya Agogo

Anthu a ku Hara ankanditama kuti ndimaona zonse koma sindiyankhula. Mbiri imeneyi inathera pamsewu tsiku limodzi, ndipo ndinaithetsa ndekha ndi manja angawa.

Chaka chimenecho anankafumbwe anatha mbewu ya mpunga ya agogo amene anandilera makolo anga atamwalira. Agogowo ananditumiza ku Lupembe kwa mng'ono wawo, ndipo ndinapatsidwa thumba limodzi, lomaliza. Pobwerera ananditenga a Msiska, ogula nsomba ku Chilumba, pa pikapu yawo yoyera. Chitseko chake chakumbuyo chinalibe loko, ankangochimanga ndi chingwe. Thumba lija ndinalitsamiritsa pachitsekopo.

Titafika pamalo pomwe msewu wawongoka ngati rula, tinapeza a Mbewe, dalaivala wa ku Dowa, akupukuta galimoto yatsopano yabuluu ya bwana wina wa boma. Bwanayo anali kumsonkhano wa chipani.

"A Msiska, ngolo yanuyi ikuyendabe?" anatero a Mbewe. "Iyi ndi ya masilinda sikisi. Inu mukamalowetsa giya yachiwiri, ine ndafika ku Chilumba."

"Yayi, achimwene, yanuyo njonenepa ngati bwana wake," anayankha a Msiska. "Podzuka pokha yanga ikusiyani mukutsokomola."

Anagwirizana zoyesa: kuima pamodzi, kudzuka pamodzi, mpaka pamtengo wa mango womwe unali patsogolo. Koma masiku amenewo kuthamangitsa galimoto ya boma inali nkhani yoti ikamveka munthu ntchito yatha, mwinanso zoposa apo. Ankafuna woweruza wosalongolola. Onse awiri anatembenukira kwa ine.

(Ndivomere: ndinakondwa. Munthu wachete akapatsidwa udindo amafufuma kuposa wina aliyense.)

Ndinanena kuti mtengo suthandiza kuona yemwe wayamba kufika, pakufunika mzere. Aka kanali koyamba kuti ndipereke nzeru pagulu. Ndinayang'anayang'ana, maso anga otchuka aja n'kuona chingwe chabwino, chachitali. Ndinachimasula, ndinayenda nacho mpaka pamango paja, ndinachiyala modutsa msewu, n'kukweza chipewa m'mwamba.

Nditatsitsa chipewa, injini zinabangula. Yabuluu inayamba yakhala pansi kumbuyo ngati ikuganiza, pomwe pikapu inangodumpha ngati chule. Ndinamva "phwaa!" chapatali, koma woweruza sayang'ana zam'mbali. Ndinaona bwinobwino pikapu ikuponda chingwe yabuluu ili m'mbuyo ndi mkono umodzi.

"A Msiska apambana!" ndinakuwa, mawu amene anthu anali asanawamvepo.

A Mbewe anatuluka akutukutira. "Apambana bwanji? Iwowa anatsitsa katundu panjira!"

M'pamene ndinayang'ana kumbuyo. Chitseko cha pikapu chinali lende. Thumba linagwa poyambira, yabuluu n'kuliponda, ndipo mpunga unayalika paphula ngati wina akuuyanika. Nkhuku za m'mudzi wapafupi zinali zitafika kale, mbuzi zikubwera pambuyo.

"Chingwe anamasula ndani?" anafunsa a Msiska.

Ndinali nditachitola kale paphula. Chinali m'manja mwanga.

A Mbewe atangoona azimayi akutuluka m'nyumba kudzaonerera, analiza galimoto n'kuthawa. A Msiska anandithandiza pang'ono, akuseka mpaka misozi. Ndinakokolola mpunga ndi chipewa chomwe chija, ndikulimbana ndi tambala wina wamwano. Zomwe ndinapulumutsa sizinafike ndi theka lomwe, ndipo zinali zosakanikirana ndi miyala ndi manyi a mbuzi.

Ndinakonza bodza loti thumba linali lobooka. Ndinapeza agogo ali pakhonde ndi lichero, nkhani itandipitirira kale panjinga. Anathira mpungawo m'lichero, anatola kamwala kamodzi, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye yapambana iti?" anafunsa.

"Ya a Msiska, agogo."

"Waonetsetsa?"

"Ndaonetsetsa."

"Chabwino. Ukawauze a Msiska kuti chaka chino tizikadya kwawo."

Tinasankha miyala masiku atatu, ndipo tinabzala theka la munda. Theka linalo linamera udzu, ndipo aliyense wodutsa ankalitchula kuti munda wa masilinda sikisi.

Kuyambira pamenepo sindimasula chingwe ndisanafunse chomwe chamanga. Koma a Mbewe akamanena kuti anaberedwa, ndimawatsutsabe mpaka lero. Mbewu ndinataya, inde, koma pikapu ija inayamba kuponda chingwe. Ndinaona ndi maso angawa.